Siteshoni ya Sitima ya Limbe: Mbiri Yake ndi Mamangidwe Ake

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu)

GAWO LOYAMBA: SITESHONI NDI NTCHITO YAKE

Siteshoni ya sitima yapamtunda ya Limbe ndiyo yaikulu ndiponso yodziwika kwambiri pa masiteshoni akale a m'Malawi. Ili m'tauni ya Limbe, kum'mawa kwa mzinda wa Blantyre, kufupi ndi malire a boma la Chiradzulu. Njanji inafika pamalopa mu 1908, ndipo kuyambira nthawi ya atsamunda, maofesi aakulu a kampani yoyendetsa sitima, mawekishopu okonzera mainjini ndi bwalo losanjira mabogi zakhala zili pomwepo. Kwa anthu a ku Chiradzulu, Limbe ndiye polowera mumzinda. Msewu wa Midima wodzera ku Nguludi, msewu wa Zomba wodzera pa Njuli, ndi msewu wochokera kulikulu la boma la Chiradzulu, yonse imatulukira kumeneko. Njanji nayo, ikachoka pa Limbe kulowera ku Luchenza, imadutsa chakum'mwera kwa boma la Chiradzulu, kufupi ndi phiri la Malabvi.

Siteshoni yaikulu imakhala ndi mbali zinayi. Yoyamba ndi nyumba ya apaulendo, momwe muli pogulira matikiti, podikirira ndi ofesi ya mkulu wa siteshoni. Yachiwiri ndi pulatifomu, malo okwera pang'ono amene anthu amaimapo pokwera ndi potsika. Yachitatu ndi shedi ya katundu, kumene matumba ndi mabelo amayezedwa pa sikelo, kulembedwa ndi kupakiridwa. Yachinayi ndi bwalo la njanji zambirimbiri zogundana ndi kupatukana, pamodzi ndi mashedi ogonamo mainjini ndi mawekishopu. Mbali zinayizi sizikhala zofanana kukula kwake paliponse. Pena nyumba ya apaulendo ndiyo imaposa zonse, pena ndi bwalo la katundu. Mbali imene omanga anaikapo ndalama zambiri ndiyo imaulula chimene njanjiyo anaimangira. Kuti mamangidwe a Limbe amveke bwino, ndi bwino kuyamba ndi kumene masiteshoni anayambira.

(Nyimbo pang'ono)

GAWO LACHIWIRI: MASITESHONI A KU ULAYA

Njanji yoyamba yolumikiza mizinda iwiri, yonyamula anthu ndi katundu pa nthawi zoikika, inatsegulidwa ku England mu 1830 pakati pa Liverpool ndi Manchester. Siteshoni yake ya ku Manchester, yotchedwa Liverpool Road, ilipo mpaka lero, ndipo maonekedwe ake ndi a nyumba wamba ya njerwa. Koma pasanathe zaka 40, makampani a njanji anali atachuluka ndipo ankalimbirana apaulendo. Aliyense ankafuna kuti siteshoni yake mu London iposa ya mnzake, kuti munthu akangoiona akhulupirire kuti kampaniyo ndi yolemera ndiponso yodalirika.

Chitsanzo chomveka cha mpikisanowu ndi siteshoni ya St Pancras, imene kampani ya Midland Railway inatsegula mu 1868. Injiniya wake, William Henry Barlow, anafunditsa njanji zonse ndi mapulatifomu onse ndi denga limodzi la zitsulo ndi magalasi, lopindika ngati uta, lopanda mzati ngakhale umodzi pakati. M'mimba mwake dengali ndi la mamita pafupifupi 74, kutalika kwake kupita m'mwamba ndi mamita 30, ndipo m'litali ndi mamita 210. Pa nthawiyo kunalibe denga lina lopanda mizati lalikulu chotero padziko lonse. Kukwera kwake kunali ndi chifukwa: mainjini oyendera malasha ankatulutsa utsi ndi nthunzi zambiri, zimene zinkafunika malo okwera kuti anthu asatsamwe. Magalasi ankalowetsa kuwala kwa dzuwa.

Njanji yolowera pa St Pancras inkawoloka ngalande ya Regent's Canal podzera pamwamba, motero mapulatifomu anakhala pamwamba kuposa msewu. Barlow sanakwirire malo apansiwo ndi dothi. Anaimika mizati yachitsulo pafupifupi 700, n'kusandutsa chipinda chapansicho nkhokwe ya migolo ya mowa wochokera ku Burton upon Trent, ndipo mpata wa pakati pa mizati unayezedwa potsata kukula kwa migoloyo. Kumaso kwa siteshoni kunamangidwa hotela ya njerwa zofiira, yokhala ndi nsanja ya wotchi ndi mazenera osongoka ofanana ndi a matchalitchi akale. Mapulani ake analemba George Gilbert Scott, ndipo inatsegulidwa mu 1873. Choncho St Pancras inaphatikiza zinthu ziwiri: luso la injiniya kumbuyo, ndi kudzionetsera kwa kampani kumaso. Ndalama zomangira zinalipo chifukwa apaulendo olipira anali ambiri.

(Nyimbo pang'ono)

GAWO LACHITATU: CHIFUKWA CHAKE NJANJI INAFIKA KUMAPIRI A SHIRE

Njanji ya m'Malawi inabadwa pa zifukwa zosiyana ndi zimenezi. Dziko lino litakhala pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, katundu wochokera kunja ankatsitsidwa pa doko la Chinde, kumene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja yamchere. Kuchoka apo ankakwera sitima zazing'ono zapamadzi, kudzera mu Zambezi ndi Shire, mpaka chakufupi ndi Chikwawa, kumene mathithi amatseka njira. Ulendo wotsala, wokwera chitunda mpaka ku Blantyre, unali wa pamutu. Amtengatenga zikwizikwi ankasenza nsalu, mchere, zitsulo ndi makina pokwera, ndipo potsika ankasenza khofi. Ntchitoyi inali yowawa, yochedwa ndiponso yodula, ndipo eni maesiteti ankadandaula kuti anthu amene akanalima m'minda yawo akuthera pamsewu. Vuto lina linali la madzi. Mtsinje wa Shire unkaphwa chaka ndi chaka, moti m'chilimwe sitima zapamadzi zinkatitimira mumchenga.

Mu 1895, Eugene Sharrer, wamalonda amene anali ndi malo aakulu kumapiri a Shire, anakhazikitsa kampani ya Shire Highlands Railway. Panapita zaka zingapo za kukambirana, ndipo ntchito yomanga inayamba mu 1903. Poyamba cholinga chinali choti njanji iyambire pa Chiromo, koma chifukwa cha kuphwa kwa madzi anaiyambitsira kumunsi, ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Kuchokera ku Nsanje kufika ku Blantyre, njanjiyi ndi ya mamailosi 113, amene ndi makilomita pafupifupi 182. Boma la atsamunda linalonjeza kampaniyo malo okwana maekala 3,200 pa mailo iliyonse yomangidwa, umboni wakuti mtengo wa njanji unagwera pa nthaka ya eni dziko kuyambira pachiyambi.

Njira yake inali yovuta. Nsanje ili pansi kwambiri, mamita makumi angapo chabe pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Limbe ili pamwamba kuposa mamita 1,000. Ikawoloka Shire pa Chiromo, njanji imatsata chigwa cha mtsinje wa Ruo, n'kumakwera mokhotakhota kudzera ku Sankhulani, Thekerani, Sandama ndi Khonjeni mpaka pa Luchenza, kenako n'kulunjika ku Limbe. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 1,067, wofanana ndi wa njanji za ku Mozambique, Zimbabwe, Zambia ndi South Africa. Mpatawu ndi wocheperapo poyerekeza ndi wa ku Britain, wa mamilimita 1,435. Njanji yopapatiza imakhota msanga m'mapiri ndipo simadya ndalama zambiri pomanga, koma sitima yake sithamanga kwambiri. Kukumba, kuswa miyala ndi kusenza dothi, zonse zinachitika ndi manja a anthu akuda, ndi makasu, mapiki ndi madengu. Ambiri mwa ogwira ntchito m'derali pa zaka zimenezo anali Alhomwe amene ankalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, ndipo zidzukulu zawo n'zochuluka ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe.

(Nyimbo pang'ono)

GAWO LACHINAYI: MAMANGIDWE A LIMBE

Ngakhale njanji inakathera ku Blantyre, mtima wa ntchito zake unakhazikika pa Limbe. Blantyre ndi wa zitunda ndi makwawa, pamene pa Limbe panapezeka malo otambalala okwanira njanji zambiri zoyandikana. Komanso Limbe inali kufupi ndi minda ya fodya ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Zomba. Mu 1908, chaka chomwe njanji inafika, kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake pa Limbe, ndipo mu 1909 malowa anakhala tauni yokhala ndi khonsolo yakeyake. Msika wa okushoni wa fodya unayamba pomwepo mu 1938. Limbe ndi Blantyre zinaphatikizidwa mu 1956. Motero tauni ya Limbe sinaitane njanji. Njanji ndiyo inabala tauniyo.

Mbiri imeneyi ndiyo inaumba maonekedwe a siteshoni. Pa Limbe palibe denga lalikulu la magalasi lofunditsa njanji zonse, ndiponso palibe hotela ya nsanja yoima kumaso ngati ya ku St Pancras. Chimene chimatenga malo aakulu ndi bwalo la njanji, mashedi a katundu, mawekishopu ndi timanjanji topatukira ku nyumba zosungiramo katundu ndi ku mafakitale. Kampani inkapeza ndalama zake pa fodya, tiyi ndi thonje zotuluka, ndi pa katundu wa m'masitolo, mafuta ndi makina zolowa. Apaulendo ambiri anali anthu osauka olipira matikiti otsika mtengo, ndipo panalibe kampani ina yopikisana nayo. Choncho panalibe choikakamiza kumanga nyumba yokopa maso.

Nyumba za atsamunda za nthawi imeneyo kumapiri a Shire, kuphatikizapo za njanji, zinkatsata njira imodzi yogwirizana ndi nyengo ya kuno. Makoma anali a njerwa zootcha, zoumbidwa ndi dothi la pafupi, chifukwa simenti inkachokera kutsidya kwa nyanja ndipo inali yodula. Denga linali la malata, opepuka kunyamula ndiponso osavuta kukhoma, lopendekeka kuti mvula yamphamvu itsetsereke msanga. Kutsogolo kunkakhala khonde lalikulu la mizati, lotchinga makoma ku dzuwa ndi mvula, limenenso linkakhala podikirira. Zipinda zinali zazitali kupita m'mwamba kuti mpweya wotentha ukwere. Luso la njerwali silinali lachilendo m'derali. Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ndi amisiri akuda motsogozedwa ndi David Clement Scott. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mpingo wa Providence Industrial Mission wa John Chilembwe unamanga tchalitchi chake chachikulu cha njerwa nkhondo ya Chilembwe ya mu 1915 isanachitike. Amisiri oumba, ootcha ndi oyala njerwa analipo kale pamene kampani ya njanji inkawafuna.

Zomanga zina pa siteshoni zinabwera chifukwa cha injini ya nthunzi. Injini yotere imawiritsa madzi ndi moto wa nkhuni kapena malasha, ndipo nthunziyo ndiyo imakankha zitsulo zotembenuza mawilo. Pokwera chitunda imamwa madzi ambiri. N'chifukwa chake masiteshoni ankakhala ndi mathanki okwezedwa pa nsanja, malo ounjikapo malasha, ndi maenje a pakati pa njanji otayiramo phulusa ndi oloweramo amakanika poyang'ana kunsi kwa injini. M'mawekishopu a Limbe munkagwira ntchito osula zitsulo, owotcherera, akalipentala okonza mabogi, ndi okonza ziwiya zowiritsira madzi. Mainjini awiri oyambirira a njanjiyi, otchedwa Thistle ndi Shamrock, anapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ya ku Stafford, ku England. Atapuma ntchito, Thistle anasungidwa pa siteshoni ya Limbe, ndipo Shamrock anapita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri.

Masiteshoni ang'onoang'ono a m'njira, monga a pakati pa Limbe ndi Luchenza, anali ndi ntchito ina yofunika. Njanji ya m'Malawi ndi ya mzere umodzi, ndiye sitima ziwiri zoyang'anizana sizingapambanane paliponse. Pa siteshoni yaing'ono pamakhala njanji yachiwiri yapambali, pamene sitima ina imapatukira kudikira kuti inzake idutse. Mkulu wa siteshoni ankalankhulana ndi mnzake wa siteshoni yotsatira pa lamya asanalole sitima kunyamuka, ndipo wotembenuza mapointi ankasintha njira ndi manja. Pamalo oterewa pankamera msika, chifukwa sitima ikaima anthu a m'midzi yozungulira ankagulitsa nthochi, mzimbe, chinangwa ndi mbatata kwa apaulendo kudzera pa mawindo.

(Nyimbo pang'ono)

GAWO LACHISANU: ANTHU A PA SITESHONI

Mamangidwe a nthawi ya atsamunda ankaonetsanso tsankho la nthawiyo. Ogwira ntchito za njanji anali m'magulu atatu. Azungu anali mabwana ndi mainjiniya. Amwenye, amene kampani inkawalemba kuchokera ku India, ankagwira ntchito zapakati, monga ukalaliki, umisiri ndi kuyang'anira masiteshoni. Anthu akuda, amene anali ochuluka kuposa onse, ankagwira ntchito zolemetsa za malipiro otsika: kupakira katundu, kusonkhezera moto mu injini, kukonza njanji. Nyumba zogona nazo zinali zosiyana kukula ndi malo ake potsata magulu omwewo, ndipo dera la Mpingwe limadziwika ndi nyumba za ogwira ntchito za njanji. Mabogi a apaulendo anali m'makalasi, ndipo anthu akuda ambiri ankakwera kalasi yotsikitsitsa, ya mabenchi a matabwa. Mu 1960, ufulu uli pafupi, ogwira ntchito akuda a Nyasaland Railways ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo sitalaka imeneyi ndi imodzi mwa zodziwika m'mbiri ya mabungwe a apantchito m'dziko muno.

Kwa alimi a ku Chiradzulu, njanji inali ndi mbali ziwiri. Inatsegulira mbewu njira yopita kunja, ndipo potero inakulitsa phindu la maesiteti ngati a A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu okhala pa malo a azungu ankagwira thangata m'minda ya thonje ndi fodya. Nkhanza za thangata n'zimodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya Chilembwe pa 23 Januwale 1915. Koma njanji yomweyo inachepetsa ntchito ya mtengatenga, inabweretsa ntchito zolipidwa pamwezi ku Limbe, ndipo inapatsa alimi ang'onoang'ono msika wa ndiwo zamasamba, nandolo ndi chimanga m'tauni yomwe inkakula. Inalinso njira ya amuna opita kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Dzina la Wenela, limene anthu amatchulira depoti ya mabasi yoyandikana ndi siteshoni ya sitima ya Blantyre, ndi la bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku South Africa.

(Nyimbo pang'ono)

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: NJIRA YA KU DOKO

Njanji yothera pa Nsanje sinathetse vuto la madzi, chifukwa Shire anapitirira kuphwa. Kampani ina, Central Africa Railway, inaitalikitsa ndi mamailosi 61 mpaka pa Chindio, m'mbali mwa Zambezi, pa nthawi imene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkayamba. Mu 1922, njanji ya Trans-Zambezia inatha kumangidwa kuchokera pa Dondo, kufupi ndi Beira, kudzafika tsidya lina la Zambezi. Kwa zaka 13 katundu ndi anthu ankatsika sitima, kuwoloka mtsinjewo pa madzi, n'kukweranso sitima ina. Izi zinatha mu 1935 pamene mlatho wa Dona Ana, pakati pa Mutarara ndi Sena, unatsegulidwa. Mlathowu, womangidwa ndi kampani ya Cleveland Bridge, ndi wa makilomita oposa 3.6, ndipo unali m'gulu la milatho ya njanji yaitali kwambiri padziko lonse. Chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, kudzera ku Balaka ndi Chipoka. Kampani ya Nyasaland Railways, imene inakhazikitsidwa mu 1930, inkayendetsanso sitima za pa nyanja ya Malawi. Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, inapangidwa ku Scotland ndipo inabwera m'zidutswa pa njanji yomweyi.

Ntchito zikuluzikuluzi zinasiya ngongole. Boma la Nyasaland linasenzetsedwa udindo wolipira chiwongoladzanja cha njanji ya Trans-Zambezia, ngakhale njanjiyo ili m'dziko la eni, ndipo mitengo yonyamulira katundu inali yokwera. Wolemba mbiri Leroy Vail anafotokoza mu 1975 kuti ngongole za njanji zinathandiza kusaukitsa dziko lino, popeza ndalama za msonkho zimene zikanamanga masukulu, zipatala ndi misewu zinkapita kwa obwereketsa. Ichi ndi chifukwa china chimene nyumba za njanji za kuno zinakhalira zosadzikometsera.

Ku madoko a ku Mozambique zinthu zinali zosiyana, chifukwa Apwitikizi ankapeza ndalama zambiri pa katundu wa mayiko opanda nyanja. Siteshoni ya Maputo, mzinda umene kale unkatchedwa Lourenço Marques, inatsegulidwa mu 1910, ndipo kumaso kwake kokhala ndi mizati, makhonde ndi denga lozungulira pamwamba kunamalizidwa mu 1916. Ambiri amati anaimanga ndi Gustave Eiffel, koma mapulani ake analemba akatswiri a Chipwitikizi, mmodzi mwa iwo José Ferreira da Costa. Siteshoni ya Beira, kumene katundu wa ku Limbe ankathera, inatsegulidwa mu 1966. Ndi ya konkire, ya mamangidwe amakono, yokhala ndi holo ya denga lopindika ndi nyumba yosanja ya maofesi. Masiteshoni atatuwa, Limbe, Beira ndi Maputo, ndi a njanji za mpata wofanana, koma aliyense amaonetsa kuchuluka kwa ndalama zimene zinkatsalira pamalopo.

(Nyimbo pang'ono)

GAWO LOMALIZA: KUCHOKERA PA UFULU KUFIKA LERO

Dziko litalandira ufulu mu 1964, kampani inasintha dzina n'kukhala Malawi Railways, ndipo boma linaitenga. Mainjini a dizilo analowa m'malo mwa a nthunzi m'zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, motero mathanki a madzi ndi maenje a phulusa anatha ntchito. Mu 1970 njanji yatsopano yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka pa Nayuchi inalumikiza Malawi ndi doko la Nacala. Ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Chigawo cha Mchinji kufika ku Chipata, m'dziko la Zambia, chinatsegulidwa mu 2010.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inagwetsa ntchito za njanji. M'zaka za m'ma 1980 njira zonse ziwiri, ya Beira ndi ya Nacala, zinatsekeka, ndipo mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa mu 1986. Katundu anayamba kuyenda pa malole, ulendo wautali ndi wodula wopita ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, ndipo sitima yochokera ku Limbe inasiya kufika ku Bangula ndi ku Nsanje. Mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa njanji kwa kampani ya Central East African Railways. Pambuyo pake kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize, kudutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, kupita ku Nacala. Njanji imeneyi sidzera pa Limbe, choncho katundu wolemera kwambiri tsopano amadutsa kumpoto kwa Blantyre. Sitima ya apaulendo yochokera pa Limbe yakhala ikupita ku Balaka ndi ku Nayuchi, ndipo imathandiza kwambiri midzi imene ili kutali ndi misewu ya tala. Njanji ya kum'mwera yakhala ikukonzedwa m'zigawo, ngakhale mvula yoononga, monga ya mu 2015 ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, yakhala ikubweza ntchitoyi m'mbuyo.

Funso limene latsala ndi la kusunga zomanga zakale. Ku London nako zinthu zakale za njanji zinatsala pang'ono kutha. Chipata chachikulu cha miyala cha siteshoni ya Euston chinagumulidwa mu 1961 ndi 1962, anthu akudandaula. St Pancras nayo inali pa mndandanda wogumulidwa, koma anthu okonda mbiri, pakati pawo mlakatuli John Betjeman, anaimenyera nkhondo, ndipo mu 1967 boma linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa kwambiri. Itakonzedwa inatsegulidwanso mu 2007, ndipo lero ndi ponyamukira sitima za Eurostar zopita ku Paris ndi Brussels. Ku Maputo, mbali ina ya siteshoni inasanduka nyumba yoonetsera mbiri ya njanji mu 2015, sitima zikupitirizabe kuyenda.

Malawi ali ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, ndipo nyumba ngati ya Mandala ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels n'zotetezedwa. Zomanga za njanji zimasowa chisamaliro chofananacho. Mtengo wa siteshoni ya Limbe suli pa kukongola kwa khoma lakumaso. Uli pa bwalo lake, mawekishopu ake, mainjini akale, mabuku a maofesi, ndi zimene akukumbukira anthu opuma ntchito amene akukhala ku Mpingwe, ku Bangwe ndi m'midzi ya ku Chiradzulu. Adani a zinthuzi ndi odziwika: dzimbiri, denga lodontha, kumanga nyumba ndi kulima m'mphepete mwenimweni mwa njanji, ndi kuba zitsulo zokagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Kuba chitsulo cha njanji ndi mlandu, ndipo kukhoza kugwetsa sitima yodzaza anthu. Mafumu a midzi imene njanji imadutsa, makhonsolo a Blantyre ndi Chiradzulu, kampani yoyendetsa sitima ndi nthambi ya boma yoona zakale, onse ali ndi gawo pa kuteteza chumachi. Masukulu a m'derali angathenso kutengera ana ku Limbe ndi ku Chichiri kuti akaone ndi maso zimene amawerenga m'mabuku. Siteshoni ya Limbe inamangidwa ndi thukuta ndi msonkho wa Amalawi, yatumikira dziko kwa zaka zoposa 100, ndipo ndi yoyenera kulembedwa, kukonzedwa ndi kutetezedwa ndi lamulo.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)